Alamu anga akuti ndisiye mankhwala, ndingosintha zakudya. Kodi n'zoona?

Nyenyezi_ya_mmawa
Moni nonse a pagulu. Ndakhala ndikungowerenga osalemba kanthu, koma lero ndalephera kupirira. Papita miyezi 7 chiyambire kumwa mankhwala a matenda ovutika maganizo. Ndisanayambe ndinkangokhala chigonere tsiku lonse, osasamba, misozi ili chuchuchu popanda chondiliza chenicheni, ndipo ntchito inangotsala pang'ono kundithera. Panopa zasinthako, ngakhale sindinabwerere mwakale. Vuto ndi alamu anga. Aonera mavidiyo ambiri pa intaneti, ndiye akuti matenda angawa gwero lake ndi m'matumbo. Akuti ndikasiya shuga ndi zokazinga n'kumadya masamba ambiri ndichira, mankhwalawo ndi poizoni. Dzulo anafika pondiuza kuti ndinadzidwalitsa ndekha ndi kadyedwe kanga. Usiku wonse sindinaone tulo. Kodi chakudya chimakhudzadi maganizo a munthu mpaka pamenepo? Ngati zili choncho, ndisiye mankhwala?

Tsabola_wakale
Musasiye, achemwali. Zinazo tikambirana, koma mawu oyamba ndi amenewo.

Namwino_wa_usiku
Pepani kwambiri achemwali, mawu a alamu anuwo ndi olasa mtima. Ndiyambe ndi za mankhwala. Mukawasiya mwadzidzidzi thupi limadabwa: chizungulire, mseru, kusowa tulo, nkhawa yoopsa, ena amamva ngati magetsi akuwagwira m'mutu. Kuwonjezera apo matendawo amatha kubwerera ndi mphamvu. N'chifukwa chake madokotala amalangiza kupitiriza kumwa kwa miyezi yosachepera 6 kuchokera pamene munthu wapeza bwino, ndipo nthawi yosiya ikakwana amachepetsa pang'onopang'ono iwo akuyang'anira. Inu mwanena nokha kuti simunabwerere mwakale, ndiye nthawi imeneyo sinafike.

Tsono za chakudya. Alamu anu sananame zonse. Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa magawo 100 a thupi lonse, koma umagwiritsa ntchito pafupifupi magawo 20 pa 100 a mphamvu zonse za m'thupi. Timadzi timene maselo a ubongo amatumizirana uthenga timapangidwa kuchokera ku zimene tadya, makamaka mapuloteni, mothandizidwa ndi ayironi ndi mavitamini a gulu la B. Choncho kudya bwino kumathandiza. Koma kuthandiza ndi kwina, kulowa m'malo mwa mankhwala ndi kwinanso.

Gologolo77
Ine ndiwaikire kumbuyo alamuwo pang'ono. Serotonin, mmodzi mwa timadzi ta uthenga tija amene mankhwala ambiri a matendawa amamuwonjezera mphamvu mu ubongo, pafupifupi 90 peresenti amapangidwa m'matumbo osati m'mutu. Fufuzani muona. Ndiye ukakonza m'matumbo sunakonze mutu?

Wa_mu_labu
A Gologolo77, nambala mwatchulayo ndi yoona, koma mwaiimika pamalo polakwika. Serotonin wopangidwa m'matumbo amagwira ntchito komweko, monga kuyendetsa chakudya m'matumbomo, ndipo wina amatengedwa ndi magazi. Sangalowe mu ubongo chifukwa pali chotchinga pakati pa magazi ndi ubongo chimene sichimulola kudutsa. Ubongo umapanga wakewake kuchokera ku tryptophan, yemwe timamupeza m'zakudya za mapuloteni.

Kulumikizana kwa matumbo ndi ubongo kuliko ndithu. Pali mtsempha waukulu wotchedwa vagus umene umanyamula mauthenga mbali zonse ziwiri, ndipo mabakiteriya a m'matumbo amapanga zinthu zimene zimakhudza chitetezo cha m'thupi. Kungoti zambiri zochititsa chidwi zimene mumamva m'mavidiyozo zinaoneka pa mbewa za m'nyumba zofufuzira. Kuchoka pa mbewa kufika pa munthu amene akulira tsiku lonse pali mtunda.

Gologolo77
Ndiye mukuti palibe umboni pa anthu?

Wa_mu_labu
Sindinatero. Ulipo, koma tiunene kukula kwake kwenikweni. Kafukufuku wotchuka kwambiri ndi wa SMILES, wotsogoleredwa ndi Felice Jacka wa ku yunivesite ya Deakin ku Australia, amene anatuluka mu 2017. Anatenga anthu 67 odwala matenda ovutika maganizo amenenso kadyedwe kawo kanali kosalongosoka. Gulu lina linkakumana ndi katswiri wa zakudya kwa masabata 12, n'kumadya masamba, zipatso, nyemba, mtedza, nsomba, mafuta a maolivi ndi chakudya cha mbewu zosakonola, uku akuchepetsa zotsekemera ndi zokazinga. Gulu linalo linkangochezeredwa. Pomaliza, pafupifupi anthu 32 pa 100 alionse a gulu la zakudya anapeza bwino, pamene gulu linalo anali 8 pa 100 alionse.

Zotsatira zabwino zedi. Koma onani zinthu ziwiri. Anthu 67 ndi ochepa, ndipo aliyense ankadziwa gulu limene ali, zomwe zimatha kukweza chiyembekezo. Chachiwiri, chimene alamu a Nyenyezi_ya_mmawa ayenera kumva: ambiri mwa anthuwo ankamwabe mankhwala kapena kulandira uphungu. Palibe amene anauzidwa kuti ataye mapilisi. Zakudyazo zinabwera mowonjezera.

Mayi_wa_atatu
Ine zasayansizo sindizidziwa, ndingonena zimene zinandichitikira. Nditabereka mwana wachitatu ndinkangokhala wofooka, mtima kugunda, kupsa mtima ndi tinthu tating'onoting'ono, kuiwala pamene ndaika zinthu. Ndinkadziona ngati mayi wolephera. Atandiyeza anapeza kuti magazi ndi ochepa kwambiri, ayironi watha. Anandipatsa mapilisi a ayironi, ndipo patatha miyezi iwiri ndinayamba kudzimva kuti ndine munthu. Sindikunena kuti aliyense ndi choncho, koma achemwali, kodi anakuyezanipo magazi?

Nyenyezi_ya_mmawa
Ayi, sanandiyezepo. Anangondifunsa mafunso basi.

Namwino_wa_usiku
Mukapitanso kapempheni. Auzeni aone kuchuluka kwa magazi, vitamini B12 ngati n'kotheka, ndi mmene chithokomiro chikugwirira ntchito. Chithokomiro chikafooka munthu amatopa, amanenepa, amamva kuzizira, amakhala wosasangalala, ndipo n'zosavuta kusokoneza ndi matenda a maganizo. Zikhoza kupezeka kuti zonse zili bwino, komabe mudzakhala mwadziwa.

Mwana_wachisamba
Za B12 zo ndikuikira umboni. Bambo anga akhala akumwa metformin wa matenda a shuga kwa zaka zambiri. Chaka chatha anayamba kuiwala, kukhala duu osalankhula, mapazi kuchita dzanzi, kuyenda modzandira. Tonse tinangoti ndi ukalamba. Dokotala wina wachifundo ndi amene anaganiza zoyeza B12, n'kupeza kuti watsika kwambiri. Anatifotokozera kuti metformin akamwedwa nthawi yaitali amachepetsa mphamvu ya thupi yotenga vitaminiyu m'zakudya, komanso okalamba ambiri mimba yawo siyimutenga bwino. Anayamba kubayidwa jakisoni. Nthabwala zawo zinabwerera, koma dzanzi la kumapazi silinathe lonse chifukwa tinachedwa. Mpaka pano zimandipweteka kuti tinataya chaka chathunthu tikungoti akalamba.

Amene sadya nyama, mazira, nsomba ndi mkaka nkomwe achenjerenso, chifukwa B12 amapezeka m'zakudya zochokera ku nyama.

Chitsulo_cha_njanji
Ndiye bwanji tonse tisamangomwa mavitamini tsiku lililonse kuti tithane nazo? Ine ndimamwa mitundu inayi m'mawa uliwonse.

Wa_mu_labu
Achimwene, zimenezo anaziyesa kale. Ku Ulaya kunali kafukufuku wa MooDFOOD, wa anthu 1,025 onenepa a m'mayiko anayi, amene anali pangozi yodwala matenda ovutika maganizo. Ena anapatsidwa makapisozi okhala ndi omega-3, vitamini D, folic acid, selenium ndi calcium kwa chaka chathunthu, ena makapisozi opanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2019: makapisoziwo sanateteze anthu ku matendawa. Ku America nakonso anayesa vitamini D pa anthu oposa 18,000 a zaka 50 kupita m'tsogolo kwa zaka pafupifupi zisanu, ndipo mu 2020 anapeza zomwezo. Vitamini amachiza munthu amene akumusowa, ngati bambo a Mwana_wachisamba. Kwa amene ali naye wokwanira, kuwonjezera sikusintha maganizo, ndipo ena monga vitamini A, vitamini D ndi ayironi akachuluka amavulaza.

Chitsulo_cha_njanji
Koma ine ndimamva bwino ndikamwa.

Tsabola_wakale
Kumva bwino sitikukutsutsani. Tikungoti musauze wodwala kuti m'botolo lanulo muli machiritso ake.

Mphunzitsi_wopuma
Ana anga, ndiloleni ndibwerere m'mbuyo pang'ono, chifukwa nkhaniyi si ya lero. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900, kum'mwera kwa United States anthu osauka ankadwala kwambiri pellagra. Khungu limasanduka lakuda ndi lokakala m'malo oombedwa ndi dzuwa, munthu amatsegula m'mimba, kenaka mutu umasokonezeka. Ambiri ankathera m'zipatala za odwala misala. Anthu ankakhulupirira kuti ndi matenda opatsirana. Mu 1914 boma linatuma dokotala Joseph Goldberger kuti akafufuze, ndipo iye anaona chinthu chimene ena ankachidumpha: m'zipatalamo ndi m'nyumba za ana amasiye odwala anali mbwee, koma anamwino ndi antchito ena osadwala. Matenda opatsirana angasankhe chotero? Kusiyana kunali m'mbale. Odwalawo ankadalira chimanga pafupifupi chokhachokha. Atawawonjezera mkaka, nyama, mazira ndi nyemba, matenda anatha. Mu 1937 wasayansi Conrad Elvehjem anasonyeza kuti chosowacho ndi niacin, amene timamutcha vitamini B3. Chodabwitsa n'chakuti anthu a ku Mexico, kwawo kwa chimanga, sankavutika nawo kwenikweni, chifukwa iwo amaphika chimanga m'madzi a laimu kapena a phulusa, ndipo zimenezi zimamasula niacin kuti thupi limutenge.

Ndiye inde, mbale ikhoza kusokoneza mutu wa munthu, ndipo mbale yomweyo ikhoza kumubweza. Koma Goldberger sanaloze chala odwalawo. Analoza umphawi, ndipo akuluakulu a kumeneko anamuda nazo.

Mlimi_wa_kudambo
Bambo mwakhudza pamene ine pamandiwawa. Nkhani za kadyedwe zimakambidwa ngati aliyense ali ndi mwayi wosankha. Munthu amene sakudziwa kuti ana adya chiyani mawa, mungamuuze za mafuta a maolivi? Nkhawa yake ndi njala yeniyeniyo. Ine ndinadutsa chaka china chovuta, ndinkadya kamodzi patsiku kuti ana akhute. Ndinasanduka munthu wina. Ndinkakalipira mkazi wanga popanda chifukwa, kutchalitchi ndinasiya, anzanga ndinkawathawa, usiku ndinkangolota chakudya.

Wa_mu_labu
Zimene mwafotokozazi, achimwene, zikufanana kwambiri ndi zimene zinaoneka pa kafukufuku wa ku Minnesota, ku America, mu 1944 ndi 1945. Wofufuza Ancel Keys anatenga anyamata 36 athanzi, okana kupita kunkhondo chifukwa cha chikumbumtima chawo, amene anadzipereka okha. Kwa miyezi 6 ankapatsidwa pafupifupi theka la chakudya chimene ankadya poyamba, mpaka anataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo. Anthu amene anali ansangala anasanduka okwiyakwiya, okhumudwa, odzipatula, opanda chilakolako cha akazi. Nkhani yawo inali chakudya basi, ena mpaka kumasonkhanitsa mabuku a kaphikidwe. Mmodzi anadzidula zala zitatu ndi nkhwangwa. Ndipo atayambiranso kudya, maganizo sanakhazikike tsiku limodzi, zinatenga miyezi. Simunali munthu woipa chaka chimenecho. Ndi mmene ubongo wanjala umachitira.

Mlimi_wa_kudambo
Zikomo. Mawu amenewo ndikamuwerengera mkazi wanga.

Khofi_ndi_moyo
Ndingofunsako zapambali, nanga khofi? Ndimamwa makapu asanu kapena sikisi patsiku ndipo masiku ano mtima umangothamanga, manja kunjenjemera, ndikagona mutu osazima.

Namwino_wa_usiku
Mwadziyankha nokha. Caffeine amatenga maola pafupifupi asanu kuti theka lake lichoke m'thupi, ndiye kapu ya madzulo imakhala ikugwirabe ntchito pakati pa usiku. Kwa munthu wa nkhawa amatha kuyambitsa mantha adzidzidzi aja omva ngati ukufa. Chepetsani pang'onopang'ono, chifukwa mukasiya kamodzi mutu udzakuwawani masiku angapo. Zakumwa zopatsa mphamvu zija muziwerengere pomwepo.

Khofi_ndi_moyo
Tiyi ndiye alibe vuto eti?

Tsabola_wakale
Alinso naye caffeine, wochepa chabe.

Ndinasiya_botolo
Poti mwatchula zakumwa, tisaiwale mowa. Ine ndinkamwa kuti ndigone komanso kuti ndiiwale. Umagonetsadi msanga, koma cha m'ma 3 koloko m'bandakucha ndinkadzidzimuka mtima uli phaphapha, maganizo oipa onse atandizungulira. Ndipo ukamamwa sudya. Ndinkatha masiku ndi mowa wokhawokha m'mimba. Anandiuza kuchipatala kuti anthu otere amasowa vitamini B1, ndipo zikafika poipa ubongo umawonongeka mpaka munthu osathanso kusunga chatsopano chilichonse m'mutu. Pano ndatha zaka zitatu osalawa. Amene mumamwa kwambiri tsiku lililonse musasiye nokha kunyumba, kusiya mwadzidzidzi kumatha kugwetsa munthu ngati wakhunyu. Pitani akakuthandizeni.

Gologolo77
Chabwino, koma tibwerere kwa mwini nkhani. Palibe amene angakane kuti anthu odya zakudya za m'mapaketi ndi zotsekemera amadwala maganizo kwambiri kuposa odya zachilengedwe. Kafukufuku wambiri wasonyeza zimenezo. Ndiye alamuwo akalakwa pati ponena kuti kadyedwe ndi kamene kanawadwalitsa?

Kachere_pamthunzi
A Gologolo77, ndikuyankheni ine amene ndinadwalapo. Mukuganiza kuti chinayamba n'chiyani? Ine ndisanadwale ndinkaphika bwinobwino tsiku lililonse. Matenda atandigwira, kudzuka pabedi kukatenga madzi akumwa inali ntchito yoti ndiikonzekere kwa ola lathunthu. Kuganiza zoti ndikagule masamba, ndiwatsuke, ndiwadule, ndiphike, kenaka nditsuke mapoto, zinali ngati andiuza kuti ndisenze phiri. Ndinkadya mabisiketi chifukwa ndi okhawo amene sankafuna chilichonse kwa ine. Wofufuza akanabwera nthawi imeneyo akanalemba kuti uyu amadya mabisiketi ndipo akudwala maganizo. Zoona, koma mabisiketiwo anabwera pambuyo.

Ndipo amene amadya bwino nthawi zambiri ndi omwenso ali ndi ndalama, nthawi, tulo tokwanira ndi anthu odya nawo limodzi. Mungasiyanitse bwanji kuti chawateteza ndi nsombayo kapena moyo wonsewo?

Chimene chinandithandiza ine si ulaliki wa zakudya. Mnzanga wina ankangobwera ndi chakudya chophikaphika, n'kukhala pansi kudya nane, osandifunsa mafunso. Alamu anuwo, achemwali, ngati akukhulupiriradi masamba, aphike abweretse.

Wa_mu_labu
A Kachere_pamthunzi afotokoza bwino kuposa mmene ine ndikanathera. Ofufuza amayesetsa kuchotsa zinthu zosokonezazo powerengera, ndipo ena amatsatira anthu athanzi kwa zaka zambiri kuti aone amene adzadwale. Ngakhale atatero kugwirizanako kumaonekabe, ndiye n'kutheka ndithu kuti muvi umaloza mbali zonse ziwiri. Koma kunena za gulu la anthu masauzande n'kosiyana ndi kuloza munthu mmodzi n'kumuuza kuti wadzidwalitsa. Matendawa amabwera ndi zambiri: chibadwa, zipsinjo za paubwana, imfa, ngongole, matenda ena, kusungulumwa.

Gologolo77
Pamenepo ndavomera. Mawu oti anadzidwalitsa okha sanayenere.

Duwa_lofota
Ndakhala ndikuzengereza kulemba. Chonde samalani ndi malangizo oti siyani ichi, siyani icho. Ine zinayamba choncho. Ndinali ndi nkhawa, ndinawerenga kuti shuga ndi woipa, ndinasiya. Kenaka mafuta, kenaka buledi, kenaka mkaka. Chilichonse chimene ndasiya chinkandipatsa kamtendere ka masiku awiri, kenaka mantha ankasamukira pa chakudya china. Ndinafika poopa kudya kwa anthu, msambo unasiya, tsitsi linayamba kuthothoka, koma anthu ankandiyamikira kuti ndine wodziletsa. Matenda oopa kudyawa, otchedwa anorexia, ndi amodzi mwa matenda a maganizo amene amapha anthu ambiri. Ndikulandira thandizo tsopano, ndipo chimene ndikuphunzira ndi kudya katatu patsiku popanda kuwerengera. Kwa munthu wodwala maganizo, funso labwino ndi loti ndiwonjezere chiyani m'mbale, osati ndichotse chiyani.

Mayi_wa_atatu
Mwana wanga, zikomo polimba mtima. Pitirizani kulandira thandizolo.

Namwino_wa_usiku
Ndiwonjezere chenjezo limodzi, poti anthu olimbikitsa zachilengedwe amakonda kubwera ndi zitsamba. Pali china chotchedwa St John's wort chimene chimagulitsidwa ngati chothandiza maganizo. Mukachiphatikiza ndi mankhwala a matenda ovutika maganizo monga fluoxetine kapena sertraline, serotonin amatha kuchuluka mpaka kuika moyo pachiswe. Chimafooketsanso mapilisi olera ndi ma ARV ena. Amene amamwa mankhwala a matenda a maganizo otchedwa lithium asasinthe mwadzidzidzi kuchuluka kwa mchere umene amadya, ndipo asalole kukhala ndi ludzu nthawi yaitali, chifukwa mankhwalawo amatha kukwera m'magazi. Ndipo mankhwala ena monga olanzapine amachititsa njala kwambiri ndi kunenepa, si kusadziletsa kwa wodwala ayi. Zikakuchitikirani kauzeni dokotala, musangosiya.

Chitsulo_cha_njanji
Nanga masewera olimbitsa thupi bwanji simukuwatchula? Ine ndimaona kuti amaposa zonsezi.

Tsabola_wakale
Amathandiza, koma tsegulani mutu wake pawokha achimwene. Apa tikuyankha mlongo wathu.

Nyenyezi_ya_mmawa
Ndawerenga zonse, zina kawiri. Mankhwala sindisiya. Ndili ndi tsiku lokaonana ndi dokotala Lachinayi likudzali, ndipo ndalemba papepala zoti ndikapemphe: magazi, B12, chithokomiro. Ndikafunsanso za tulo.

Kunena zoona kadyedwe kanga sikali bwino. Nthawi zambiri m'mawa sindidya, masana ndimangomwa tiyi, ndiye usiku ndimadya chilichonse chimene ndachipeza. Zoti ndisinthe zonse nthawi imodzi sindingathe, a Kachere_pamthunzi anena zimene zili mumtima mwanga. Ndaganiza zoyamba ndi chakudya cha m'mawa chokha, dzira ndi chipatso, kenaka ndidzaone za nyemba ndi masamba sabata zikubwerazi. Alamu anga ndawatumizira zimene munalemba zija zoti aphike abweretse. Sanayankhebe.

A Namwino_wa_usiku, mapilisi anga ndimamwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu ndipo amandichititsa mseru mpaka cha m'ma 10 koloko. Kodi ndikhoza kumamwa nditadya?

Namwino_wa_usiku
Ambiri mwa mankhwala amenewa mukhoza kumwa mutadya, ndipo mseru umachepa. Onani papepala la m'bokosilo kapena funsani amene anakupatsani kuti mutsimikize za anuwo. Lachinayilo mukatchulenso za mseruwo, ndipo mudzatiuze zotsatira za magazi.